Mawu Operekeza Ndalama

Ndalama yoyamba ya mwini imene ndidanyamula idali ya amalume, m'chaka cha 1972, ndili ndi zaka khumi. Adaimanga pa nsonga ya kansalu, nang'amba tsamba m'kope lawo lolembamo nsomba, nalembapo ndi pensulo atatsamira bwato. Ankandituma ku tauni ya Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera kwathu ku Senga Bay, kuti ndikagule ulusi wosokera chilimira pa sitolo ina ya amwenye kufupi ndi siteshoni ya sitima. Ndidakwera lole ya nsomba zouma m'bandakucha. Masiku amenewo ukanyamuka wanyamuka. Kudalibe foni yoti n'kuimba uli pakhomo la sitolo kuti, "Amalume, kuno zasintha, nditani?"

Kapepalako ndimakakumbukabe. Mizere iwiri yoyamba idatchula nambala ya ulusi ndi kuchuluka kwake. Mtengo adaulemba kawiri, m'matambala ndi m'masheleni, chifukwa kwacha idali itangolowa mu 1971 ndipo akuluakulu ankawerengabe chikale m'mutu mwawo: sheleni imodzi, matambala khumi. Mizere yotsalayo, imene idali yochuluka kuposa yoyamba ija, idali ya zovuta zokhazokha. Ukapeza mtengo wapitirira apa, usagule. Ulusi wa nambala iyi ukasowa, usalandire wina ngakhale akuuze kuti n'chimodzimodzi. Akati siya ndalama udzatenge mawa, usasiye. Ukagula, lisiti libwere pamodzi ndi chenji. Lole ikakusiya, ukagone kwa azakhali ako kuseri kwa msika.

Tsiku limenelo ulusiwo kudalibe. Mwini sitolo adanditulutsira wina wokulirapo, nautama kwambiri. Ndidayang'ana pepala, ndidakana, ndidabwerera mfundo ya pa kansalu isadamasulidwe. Amalume adamasula, adawerenga, nangoti, "Wayenda bwino."

Zimenezi wandikumbutsa ndi mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe. Adabwera kumudzi pa Khirisimasi yapitayi ndi laputopu yake, ndi nkhani yoti tsopano kuli mapulogalamu a AI amene munthu angawatume kukagula zinthu pa intaneti, atawapatsa khadi lolipirira. Iye akufuna kupanga pulogalamu yotere yothandiza eni maboti a kuno, yoti iziwafunira zipangizo za injini ndi nyale za sola za usodzi wa kauni, n'kulipira komweko. Kampani ina yakunja yopereka makhadi otere idalemba malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo mnyamatayu ankafuna kudziwa ngati angawadalire. "Amalume," adatero, "inu mudakhala zaka zambiri pa kauntala ya positi ofesi. Tandithandizeni kuwayesa." Ndidamuuza kuti atseke kaye laputopuyo, chifukwa kutuma wina ndi chuma ndi ntchito yakale kuno kunyanja, ndipo ili ndi mbiri yake.

Agogo anga aakazi, amene adabadwira kwa Maganga, ankati m'nthawi ya makolo awo, malonda ali a nsalu, mikanda, mchere ndi makasu, munthu wochenjera sankatuma mmodzi. Ankatuma awiri, wina wosenza katundu, wina wosunga mawu. Mawuwo ankanenedwa pamaso pa mboni, ndipo wotumidwayo ankawabwereza asadanyamuke. Akaphonya, wotumayo ankayambiranso, kuwanena mwanjira ina, mpaka alowe. Mwambi woti kandimverere adakanena za m'maluwa umachenjeza za uthenga wopotokera panjira. Ine ndikaganizira mwambo wobwereza uja ndimaona kuti woyesedwa weniweni adali wotuma. Ngati mnzako walephera kubwereza zimene wamuuza, ndiye kuti sunanene bwino.

Pepala lidafika ndi msonkho. Atsamunda atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, msonkho wa nyumba udatsatira, ndipo chiphaso cha msonkho chidakhala pepala loyamba la ndalama limene anthu wamba ambiri adaligwira m'manja. Ankalisunga m'kachitini kapena m'kansungwi, n'kulitsomeka kudenga kuopa chiswe. Njanji itafika ku Salima mu 1935, kudzera pa Chipoka, thonje la m'chigwa chino, la ku Chitala ndi ku Domira Bay, lidapeza njira yotulukira, ndipo kudabwera pepala lachiwiri: tikiti ya pa msika wa thonje. Wina ankayang'ana giredi, wina ankayeza pa sikelo, kalaliki ankalemba tikiti, mlimi n'kupita nayo pa windo kukalandira. Agogo aamuna ankati pa tikitipo pankakhala manambala ndi zilembo zachidule zimene palibe adawauzapo tanthauzo lake. Pepalalo adalilemba wogula, lothandiza mabuku a wogula. Mlimi adali wongolinyamula kuchoka pa tebulo lina kupita pa tebulo lina. Mapepala a mtundu umenewu sadathe. Mpaka lero ndikaona malangizo odzaza ndi mawu oteteza amene adawalemba, osanena kanthu za amene wagwira ndalama m'manja, ndimakumbukira tikiti ya agogo.

Koma kumene anthu a kuno adaphunzira zenizeni za mawu operekeza ndalama kudali m'makalata a ku Joni. Amuna ambiri adapita ku migodi ya golide kudzera ku Wenela, ena adapita okha ku Halale. A ku Wenela ankadulidwa gawo la malipiro awo loti adzalandirire kuno kumudzi, komanso ankatumiza zina ali komweko. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Banda adaletsa ulendowu. Udatsegulidwanso mu 1977 pansi pa TEBA, imene ife tinkangoti Theba, n'kudzatheratu mu 1988. Zaka zonsezo ana asukulu, monga ine pa nthawi yanga, ndiwo ankawerengera mudzi wonse makalata.

Makalata a anthu awiri sindidzawaiwala. Ina idachokera kwa bambo wina wodziwa kulemba bwino, wa dzanja lokongola. Atatha moni adangoti watumiza ndalama, agule ukonde. Kalata idalembedwa kwa mkazi wake, koma ndalama zidabwera m'dzina la mng'ono wake. Sadanene ukonde wanji, ukhale m'manja mwa yani, nsomba zikagulitsidwa azigawana bwanji, ndalama zikaperewera atani. Aliyense mwa awiriwo adadzaza mipata imeneyo ndi zimene ankaganiza kuti mwiniwake akadafuna, ndipo ndikhulupirira kuti palibe adafuna kuba. Nkhani idafika kwa anyakwawa. Mwamunayo pobwera adapeza ukonde wong'ambika ndi banja lotha.

Winayo adali munthu wosadziwa kulemba, ankachita kulembetsa kwa mnzake ku komponi. Makalata ake ankadzaza masamba atatu, ndipo amayi a pamudzi ankaseka ndikamawerenga, ati ngwolongolola. Ankatchula wokalandira ndalama ndi womuperekeza. Ankandandalika zoyamba ndi zotsatira: msonkho, fizi ya mwana, kenako malata. Chimanga chikachepa m'nkhokwe, malata adikire. Amayi ake akadwala, zonse zidikire. Kalata ikafika ndalama osafika, pathe masabata atatu, kenako apite ku positi ndi nambala imene walemba pansipa. Ndipo pamapeto pa kalata iliyonse ankati chikachitika china chimene sadachitchule, asachite kanthu, amulembere kaye. Munthu ameneyu ankadziwa kuti yankho limatenga mwezi kupita ndi kubwera, choncho ankayankhiratu mafunso asadafunsidwe. Adabwera n'kupeza nyumba ya malata itaima.

Ndidayamba ntchito ya ukalaliki ku positi mu 1983, nthawi imene kabuku ka Post Office Savings Bank kadali banki yokhayo imene asodzi ndi alimi ambiri ankaidziwa. Malamulo ake adali olembedwa, ndipo amene ankafuna kuti wina akamutapire ndalama ankayenera kupereka chilolezo cholemba, chosainidwa kapena chodindidwa chala. Pa zaka zonse zimene ndidakhala pa kauntala, sindikumbuka munthu amene adavutika kumvetsa kaikidwe ka ndalama. Mafunso onse adali a tsiku loipa. Kabuku kagwera m'madzi bwato litagudubuzika ndi mwera, nditani? Mwini kabuku wamwalira, ana ali pasukulu, titani? Pa kabuku padalembedwa Yusufu, pa kalata ya amfumu alemba Yusuf, kodi si munthu mmodzi? Pepala likasowa yankho, panali munthu kuseri kwa kauntala woti n'kufunsa, ndipo munthuyo akasowa yankho ankalembera ku likulu. Banki imeneyi idasanduka Malawi Savings Bank mu 1994, ndipo pang'onopang'ono timabuku tija tidayamba kusowa m'matumba a anthu.

Khadi lidabwera ndi nzeru ina. Reserve Bank of Malawi idakhazikitsa Malswitch, khadi losunga chidindo cha chala cha mwini wake, ndipo Opportunity International Bank of Malawi, imene idatsegulidwa mu 2003, idalifikitsa kwa anthu amene adalibe pasipoti kapena laisensi. Kwa anansi athu ku Dowa, m'nyengo ya njala ya 2006 mpaka 2007, bungwe la Concern Worldwide lidapereka thandizo la ndalama kudzera m'makhadi otere, galimoto ya banki ikuzungulira m'midzi. Khadi la chala lidathetsa kutuma, pakuti chala sungabwereke. Kwa amayi amasiye chimenechi chidali chitetezo chachikulu, chifukwa achibale a mwamuna akadalanda khadi sakadatapa kanthu. Koma kwa wodwala wogona pa mphasa, kapena msodzi amene zala zake zidasalala ndi chingwe cha ukonde, lidali khomo lolimba.

Foni ndiyo idabwezeretsa kutuma. Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo lero pa gombe lililonse kuyambira ku Chipoka mpaka ku Lifuwu pali kambulera ka ejenti. Malangizo amati nambala yachinsinsi usauze munthu. Komabe agogo amene maso adachita chidima amapereka foni ndi nambala yomwe kwa mdzukulu, chifukwa njira ina yotumira munthu sadaipatsidwe. Akuba nawo adaona mpata: uthenga umangofika woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndipo wotumidwa amene sadauzidwe bwino amatumiza. Ma ejenti eni ake amasunga kope la chikuto cholimba, n'kumalembamo ndi dzanja nambala ya foni ndi ndalama za aliyense. Kope la amalume lija silidafe.

Nditafika apa ndidamuuza mnyamata uja kuti atsegule laputopu. Adayamba wandifotokozera kuti kumapeto kwa Epulo 2025 makampani akuluakulu a makhadi, Mastercard ndi Visa, adalengeza njira zawo zoti mapulogalamu a AI azilipira m'malo mwa anthu, wina adaitcha Agent Pay, wina Intelligent Commerce. Pulogalamu sipatsidwa nambala yeniyeni ya khadi la munthu. Imapatsidwa nambala yoimirira, yokhala ndi malire ake. Makampani ang'onoang'ono ambiri akugulitsanso zida zofanana nazo, ndipo malangizo amene tinkawerengawo adali a imodzi mwa iwo. Iye ankawerenga Chingerezi cha ntchito yakeyo n'kumandimasulira, ine n'kumafunsa.

Masamba oyamba adalembedwa bwino, ndiyenera kuvomera. Adasonyeza mmene ungapangire khadi, mmene ungaikire malire a ndalama, ndi chitsanzo choti munthu angochitengera. Koma pa chitsanzo chomwecho ndidamuimitsa. Pa malire padalembedwa 5000. Ndidafunsa kuti 5000 ya chiyani? Adafufuza, ndipo pa tsamba lina lakutali adapeza kuti ndalama zimalembedwa m'masenti, kutanthauza kuti 5000 ndi madola 50. Amati m'zida zambiri zolipirira ndi mmene zimakhalira, ndipo anthu a ntchitoyi adazolowera. Amalume adalemba mtengo kawiri chifukwa ankadziwa kuti sheleni ndi tambala zingasokoneze mwana. Apa kusokoneza senti ndi dola ndi kulakwitsa ka 100, ndipo mawu ochenjeza adali kutali ndi pamene akufunika. Sadanenenso ngati malirewo ndi a kugula kamodzi kapena a moyo wonse wa khadilo. Kwa ife amene timapeza ndalama m'makwacha, amene tidaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, funso la ndalama yanji si laling'ono.

Kenako ndidafunsa funso la aliyense amene adatumizapo ndalama pa foni ali pagombe: netiweki ikaduka pakati, osadziwa ngati zapita kapena ayi, wotumidwa atani? Mnyamatayo adati yankho lake lilipo m'ntchito yawo. Pempho lililonse lolipira limapatsidwa nambala yakeyake, kuti likabwerezedwa, makina azindikire kuti ndi lomwe lija, asadule kawiri. Malangizowo adaitchula nambalayi, koma m'chitsanzo cha patsamba loyamba, chimene pulogalamu ingatengere, mudalibe. Pa za kukanidwa kwa khadi adangondandalika manambala ochokera mu dongosolo lakale la mabanki lotchedwa ISO 8583, la mu 1987. Nambala 51 ikutanthauza kuti ndalama zaperewera, imeneyo njomveka. Nambala 05 imangoti musalandire, osanena chifukwa. Nanga wotumidwa akaona 05 ayesenso, asiye, kapena akadzutse mwini ndalama? Adangoti chete. Za wogulitsa amene wagwira ndalama katundu asadatumize, zija za siya ndalama udzatenge mawa, adazitchula m'mzere umodzi. Za ndalama zobwezedwa pamene khadi logwiritsa ntchito kamodzi latsekedwa kale sitidazipeze paliponse.

Chimene chidandikhudza kwambiri ndi china. Mnyamatayo adandiuza kuti mapulogalamu amenewa amawerenga zolembedwa pa tsamba la wogulitsa, ndipo munthu wachinyengo akhoza kubisa pamenepo mawu amene pulogalamu ingawatenge ngati lamulo la bwana wake. Ndidaona mwini sitolo uja akutama ulusi wake wokulirapo. Ine ndidakana chifukwa pepala lidali m'manja, komanso chifukwa ndinkadziwa nkhope imene amalume akadandionetsa madzulo. Pulogalamu ilibe malume woti imuope. Ikapeza mpata m'malangizo imadzaza ndi zimene yaganiza, ngati mkazi ndi mng'ono wa bambo wa ku Joni uja, ndipo imachita zimenezi mofulumira, mosakayika, usiku anthu ali m'tulo. Choncho mfundo iyenera kumangidwa pa khadi lenilenilo, ku banki, kuti ngakhale pulogalamu inyengedwe, ndalama zikane kutuluka kupitirira malire kapena kupita kwa wogulitsa wosaloledwa. Chidacho chidali nayo mphamvu imeneyi, koma malangizo adaiika ngati chinthu choonjezera kwa ofuna. Ndikadalemba ine, likadakhala tsamba loyamba.

Kuno ku Salima tili ndi chitsanzo cha malamulo onenedwa bwino. Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, mwambo umene wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950. Pa tsiku lotsegulira, pa gombe la Chikombe, sataya nthawi kuphunzitsa asodzi kuponya ukonde. Amawakumbutsa zoletsedwa pachilumbapo, mowa, chamba, juga, ndi chimene chimachitikira wophwanya: amachotsedwa. Aliyense amakwera boti akudziwa pamene pali malire, ndipo utaka wa ku Mbenji udakalipo.

Tidagwirizana zoyesa malangizowo mwa njira ya agogo aakazi, yobwereza pamaso pa mboni. Kampaniyo ili ndi malo oyeserera, a ndalama zongoyerekeza. Mnyamatayo adapatsa pulogalamu yake malangizo a patsamba loyamba okha, osaithandiza, naituma kukagula nyale imodzi, ndipo pakati pa kulipira adazimitsa intaneti pa foni imene ankalumikizira. Atayatsanso, pulogalamu idaona kuti yankho silidabwere, idatumizanso pempho. M'kaundula mudaoneka nyale ziwiri. Idachita ndendende zimene idawerenga.

Usiku umenewo adalemba tsamba limodzi lakelake loti pulogalamu iziwerenga isadagwire khadi, ndipo mzere wotsiriza adautenga kwa bambo wolongolola wa ku komponi: chikachitika chimene sichidalembedwe apa, ima, funsa munthu. Mafunso amene tidasowa mayankho ake adawatumiza ku kampaniyo. Ena adayankhidwa. La ndalama zobwezedwa lidali lisadayankhidwe pamene Mbenji ankatsegulidwa, ndipo iye wati salumikiza khadi la ndalama zenizeni za asodzi mpaka alione litalembedwa.

Mwini boti amene adali woyamba kufuna pulogalamuyo sadathe kudikira, injini yake idali itafa pamene usipa wayamba kugwidwa. Sabata yatha ndidamupeza pa siteji akukweza mdzukulu wake pa kabaza, kuti akakwere minibasi ya ku Lilongwe kukagula chipangizocho, ndalama zili mu foni. Ndidapempha kuona kapepala kamene adamupatsa. Padali dzina la chipangizo ndi mtengo, mizere iwiri. Ndidabwereka cholembera kwa ejenti wa pa kambulera, ndidatembenuza pepalalo, ndipo wakabaza adazimitsa njinga yake kutidikira.